Kodi Chitsamba cha Mistletoe Chimatsitsadi Kuthamanga kwa Magazi?

Matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambiri timangoti BP, alowa m'mabanja ochuluka a m'maparishi ndi m'miphakati yathu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vutoli, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa. Popeza mankhwala ake ndi akumwa tsiku ndi tsiku, odwala ena amatopa nawo n'kuyamba kufunafuna zitsamba. Chimodzi mwa zitsamba zimene zimatamandidwa m'mabuku ndi pa intaneti ndi mistletoe. Tiyeni tione bwino chimene chitsambachi chimachita m'thupi.

Chomera chopanda mizu m'nthaka

Mistletoe wa ku Ulaya, amene akatswiri amamutcha Viscum album, samera pansi. Amamera pa nthambi za mitengo ina monga maapozi ndi paini, n'kumayamwa madzi ndi michere ya mtengowo. Mbalame zikadya zipatso zake zoyera, njere zimakamatirira pa nthambi zina ndi kumera pomwepo. Zipatsozi zili ndi utomoni womata kwambiri, ndipo kale anthu a ku Ulaya ankapanga nazo ulimbo wokolera mbalame. Kuno kwathu tilinso ndi zomera zokhala pa mitengo motere, zambiri za m'banja la Loranthaceae. Zimafanana naye kakhalidwe, koma ndi mitundu ina.

Mbiri yake ngati mankhwala

Anthu a Mpingo ali ndi gawo m'mbiri ya chitsambachi. Hildegard Woyera wa ku Bingen, sisitere wa chipani cha Benedikito Woyera amene anakhala ndi moyo kuyambira 1098 mpaka 1179, anachitchula m'zolemba zake za mankhwala. Papa Benedict XVI anamulengeza kukhala Mphunzitsi wa Mpingo m'chaka cha 2012. Bambo Sebastian Kneipp, wansembe wa ku Bavaria amene anamwalira mu 1897, ankapatsa anthu tiyi wa mistletoe pa mavuto a kayendedwe ka magazi. Mu 1907 dokotala wa ku France, René Gaultier, anaonetsa kuti madzi ofinyidwa m'chomerachi amatsitsa kuthamanga kwa magazi. Kuchokera apo mbiri yake inafala, makamaka ku France ndi ku Germany, kumene tiyi wake amagulitsidwa mpaka lero.

Zimene chimachita m'thupi

Magazi amathamanga mopitirira muyeso pamene mitsempha yapanikizika kapena yauma, mwinanso pamene thupi lasunga mchere ndi madzi ambiri. Zikatero mtima umagwira ntchito yakalavulagaga kukankha magazi m'njira zopapatiza. Pakapita zaka, mtima umatupa ndi kufooka, impso zimaonongeka, ndipo mtsempha wa mu ubongo ukhoza kuphulika kapena kutsekeka, munthu n'kufa ziwalo.

Poyesa mistletoe pa makoswe ndi pa mitsempha ya nyama, akatswiri aona kuti madzi ake amamasula mitsempha. Kafukufuku wina akusonyeza kuti amathandiza mitsempha kutulutsa nitric oxide, mpweya umene thupi limapanga lokha pofuna kutakasa njira za magazi. Wina akusonyeza kuti amachepetsa calcium wolowa m'minofu ya mitsempha, monga mmene mankhwala a amlodipine amachitira. Kwaonekanso kuti nyama zopatsidwa madziwa zimakodza kwambiri. Tsono akale sankanama kuti m'chomerachi muli mphamvu.

Komabe khoswe si munthu. Kafukufuku wa pa anthu ndi wochepa, ndipo anachitika pa magulu aang'ono kwa nthawi yaifupi. Palibe kafukufuku wamkulu amene waonetsa kuti omwa mistletoe amapewa kufa ziwalo kapena matenda a mtima, pamene mankhwala a kuchipatala monga hydrochlorothiazide ndi amlodipine anayesedwa pa anthu zikwizikwi. Mu 2012 komiti yoona za mankhwala azitsamba m'bungwe la European Medicines Agency inaunika umboni umene unalipo, ndipo inapeza kuti sunali wokwanira kulembera chitsambachi ndondomeko yovomerezeka.

Kuopsa kwake

M'masamba ndi m'timitengo ta mistletoe muli mapuloteni otchedwa lectin ndi viscotoxin, amene ndi poizoni akachuluka. Munthu akhoza kusanza, kutsegula m'mimba, ndipo mtima ukhoza kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Vuto lina ndi la muyeso. Mphamvu ya chomerachi imasintha malinga ndi mtengo umene chamerapo komanso nyengo imene chathyoledwa, kotero kapu ya lero ndi ya mawa sizingafanane. Amene akumwa kale mankhwala a BP akawonjezerapo chitsambachi, magazi akhoza kutsika mopitirira, iye n'kuchita chizungulire kapena kukomoka. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asachiyandikire. Tichenjerenso ndi zomera zathu za pa mitengo: zimene zapezeka pa Viscum album sitingazikakamize pa chomera cha mtundu wina chifukwa choti nacho chamera pa nthambi.

Choopsa koposa ndi kusiya mankhwala a kuchipatala. BP kawirikawiri siimva kuwawa. Munthu akhoza kumwa tiyi wa zitsamba, n'kumadzimva bwino, pamene mitsempha ikuonongeka mwakachetechete.

Tichite chiyani?

Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatikumbutsa kuti zomera zochiritsa ndi mphatso ya Mulungu, ndipo mutu womwewo umatilangiza kulemekeza sing'anga wodziwa ntchito yake. Ziwirizi sizilimbana. Kusamala moyo umene Mulungu anatipatsa kumafuna kuti tigwiritse ntchito nzeru zimene zayesedwa.

Choyamba ndi kukayezetsa, kaya ku chipatala cha boma kaya cha mishoni. Muyeso ukamafika 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, tiyenera kulandira uphungu wa dokotala. Tichepetse mchere kuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Tidye ndiwo zamasamba ndi zipatso, tiyende pansi, tisiye fodya, tichepetse mowa. Amene anapatsidwa mankhwala amwe mosadumphitsa, ndipo ngati akumwanso chitsamba chilichonse auze dokotala kapena namwino mosabisa.

Tsiku la 17 May chaka chilichonse ndi lokumbukira matendawa padziko lonse. Atsogoleri a miphakati ndi makomiti a zaumoyo m'maparishi angachite bwino kupempha azaumoyo kuti adzayeze akhristu ikatha Misa pa Lamulungu loyandikira tsikuli. Kuyeza kumatenga mphindi zochepa chabe, ndipo kumathandiza munthu kuyamba chithandizo matenda asanamugwetse.