Msungwana wa Gitala: Kumene Nthano Ithera

Pali mtundu wina wa nthano umene ana athu aakazi amaukonda koposa, ndipo ambiri a ife makolo sitiudziŵa ngakhale dzina lake. Nthanozi zimabwera m'mabuku, m'mafilimu a pa wailesi ya kanema, ndiponso m'telefoni za m'manja zimene ana amagona nazo kumutu. Mutu wake ndi umodzi. Msungwana wa kusekondale, wamanyazi kapena mlendo pasukulupo, amaloŵa m'gulu loimba la anzake. Mtima wake umakopeka ndi mnyamata wina. Ndipo atapyola zophophonya zambiri zoseketsa amaimirira pa nsanja naimba pamaso pa khamu la anthu. Ogulitsa amazitcha nthano zoseketsa za chikondi cha achinyamata. Kholo likangomva mau akuti chikondi ndi bandi atchulidwa pamodzi, mtima umadumpha. Koma munthu amene waziŵerenga ndi kuzionera mofatsa amapeza kuti za mnyamatazo ndizo zazing'ono m'menemo, ndi kuti choopsa chenicheni chili kutsogolo, kumene nthanoyo siifika.

Nthano zimenezi kwao ndi ku America, ndipo si za dzulo. M'chaka cha 1963 kampani ya Archie Comics inayamba kusindikiza timabuku ta zithunzi tonena za msungwana wa tsitsi lofiira, dzina lake Josie. Wojambula wake, Dan DeCarlo, anatenga dzinalo kwa mkazi wake. Poyamba Josie anali msungwana wamba wolimbana ndi sukulu ndi anyamata, koma mu 1969 anampatsa gitala namuika m'gulu la asungwana atatu lotchedwa Josie and the Pussycats. Mu 1970 gululo linayamba kuoneka pa wailesi ya kanema m'zithunzi zoyenda za ana. Mmodzi wa atatuwo, Valerie, anali msungwana wakuda, ndiponso ndiye anali wanzeru kupambana anzake, chinthu chimene sichinali chozoloŵereka pa kanema wa ana m'dziko limenelo masiku amenewo.

Kuti timvetse bwino mtundu umenewu, tiyeni titenge nthano imodzi ndi kuiyang'anitsitsa. Mu 2007 Mark Peter Hughes analemba buku lotchedwa Lemonade Mouth, ndipo mu 2011 wailesi ya Disney Channel inalisandutsa filimu imene inaonetsedwa m'maiko ambiri. M'filimuyi ana asanu a sukulu imodzi, amene sanali kudziŵana, amakomana m'chipinda cha pansi kumene anatumizidwa kukalandira chilango. Pokonza m'chipindamo wina amayamba kugogoda patebulo, wina amagwira chida choimbira chimene chinali pakona, ndipo msungwana wina wachete, Olivia, amatulutsa mau amene palibe anadziŵa kuti ali nawo. Mphunzitsi wa nyimbo poloŵa amaŵauza kuti iwo ndi gulu loimba, ngakhale eni akewo sanafune kumva zimenezo. Mkulu wa sukuluyo mtima wake wonse uli pa maseŵera olimbitsa thupi ndi pa kampani imene imapereka ndalama za maseŵerawo. Oimba, ojambula ndi okonda mabuku anaŵakankhira m'zipinda za pansi. Kotero nyimbo za ana asanuŵa zimasanduka liwu la onse amene anaiŵalika.

Tsono onani asungwana aŵiri a m'gululi. Olivia amakhala ndi agogo ake. Mai ake anamwalira, bambo ake ali m'ndende, ndipo iye wabisa nkhani imeneyi kwa anzake chifukwa cha manyazi. Usiku woyamba umene gululo liyenera kuimba pamaso pa sukulu yonse, iye amathaŵa nakabisala, mpaka anzake amapita kukamtenga. Filimu yonse imakambidwa monga kalata imene Olivia akulembera bambo akewo, kalata imene anakhala nthaŵi yaitali osatha kuilemba. Mnzake ndi Mo, mwana wa banja lochokera ku India. Bambo ake amafuna mwana wangwiro, wokhoza m'kalasi, woimba nyimbo zaulemu zimene anamphunzitsa, wopanda chibwenzi. Mo amaŵakonda bambo ake ndipo safuna kuŵakhumudwitsa. Motero amakhala moyo wapaŵiri, wina kunyumba, wina kusukulu, mpaka tsiku limene zonse zimaululika.

Nanga chikondi chija chimene chalembedwa pachikuto chili kuti? Chilipo, koma n'chochepa modabwitsa. Mnyamata wa m'gulu lomwelo, Wen, amakonda Olivia, ndipo mphatso yaikulu imene amampatsa ndi kamwana ka mphaka, popeza mphaka wakale wa malemu mai ake anali atafa. Mo ali ndi bwenzi la m'gulu lopikisana nalo, limene limamkhumudwitsa, ndipo pambuyo pake limabwera kudzapepesa. Zonse ndi zomwezo. Mphindi imene oonera amagwetsa misozi si ya mnyamata ndi msungwana ai. Ndi pamene Mo aimirira pamaso pa bambo ake naŵapempha kuti amlandire monga mmene alili, ndiponso pamene gululo lifika pa mpikisano waukulu wina akudwala, wina atavulala zala, wina mau atatha, ndipo khamu la anthu limanyamuka kuŵaimbira nyimbo yao yomwe. Mpikisanowo saupambana. Ine ndiyesa kuti apa mlembi anachita bwino, pakuti mwana ayenera kuonako nthano imene anthu abwino amalephera koma osabalalika.

Chinthu chomwechi chimapezeka m'nthano zina za mtundu uwu. M'filimu ya Camp Rock ya 2008, msungwana Mitchie amafika kumalo ophunzirira nyimbo chifukwa mai ake alembedwa ntchito yophika komweko, ndipo pochita manyazi amanamiza anzake kuti mai ake ndi mkulu wa kampani ya wailesi ya kanema. Bodzalo ndilo msana wa nthano yonse. Mnyamata woimba wotchuka amene akufunafuna mwini mau okoma amene anamva ali ngati mchere chabe. Pafupifupi m'nthano iliyonse yotere muli kholo limene silinauzidwe kanthu kena. Kapena mwana akuchita nalo manyazi, kapena akuliopa. Mwina ndicho chifukwa chake asungwana athu amazibwereza kaŵiri katatu: amaonamo mwana wonga iwo amene ali ndi chinthu m'chifuwa, ndipo sadziŵa poyambira kuchinena pakhomo. Kholo limene lingakhale pansi kuonera filimu yotere pamodzi ndi mwana wake lingamve zambiri za mwanayo zimene silikanamva pomfunsa mafunso.

Sindikuti nthanozi zilibe chilema. Zimachititsa ulesi pa nkhani ya luso. Ana asanu osadziŵana amagwira zida n'kuimba nyimbo yathunthu tsiku lomwelo, chinthu chimene aliyense amene anakhalapo m'kwaya adziŵa kuti sichichitika. Nyimbo imodzi ya mau anai imadya masabata. Akuluakulu ambiri m'menemo amaoneka opusa kapena ouma mtima kufikira mphindi zotsiriza. Ndiponso bodza la mwana kaŵirikaŵiri limatha ndi kukumbatirana kokha, popanda mtengo wake. Izi n'zofunika kuzitchula pocheza ndi ana, koma si zimene ziyenera kutisoŵetsa tulo.

Chilema chachikulu ndi malo amene nthano imathera. Lemonade Mouth imatha gululo likuimba m'nyumba yaikulu ya Madison Square Garden ku New York, magetsi akuŵala, anthu akufuula. Chinsalu chimatsekedwa pomwepo. Sitiona munthu wovala suti amene anabwera ndi pepala la pangano, sitimva kuti anasaina ndani, ndalama za pakhomo zinapita kwa yani, ndipo nyimbo zimene Olivia analemba m'chipinda chake tsopano mwini wake ndani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbiri ya asungwana enieni amene analoŵa m'magulu oimba imayambira pamene nthano yalekezera.

Mu 1959, mu mzinda wa Detroit, asungwana a sukulu ochokera m'nyumba za anthu osauka anayambitsa gulu lotchedwa The Primettes. Atapita kwa Berry Gordy, mwini kampani ya Motown, iye anaŵauza kuti ayambe atsiriza sukulu, koma iwo sanaleke kubwera, ndipo mu 1961 anasaina pangano natenga dzina latsopano, The Supremes. Amene anasankha dzinalo anali Florence Ballard, msungwana wa mau amphamvu amene gululo linayambira pa iye. Nyimbo zao 12 zinafika pa nambala yoyamba ku America. Koma kampani inasankha Diana Ross kukhala wotsogolera, Florence anakankhidwira kumbuyo, anayamba kumwa, ndipo mu 1967 anachotsedwa m'gulu lake lomwe. Zaka zotsatira anataya nyumba yake, nakhala nthaŵi ina akudalira chithandizo cha boma kuti adyetse ana ake atatu. Anamwalira mu 1976 ali ndi zaka 32.

Wina anganene kuti zimenezo n'zakale. Komatu mu 1994 asungwana atatu a gulu la TLC la ku Atlanta anatulutsa chimbale chimene chinagulidwa koposa mamiliyoni 10 ku America kokha, ndipo mu 1995 anapita kubwalo la milandu kukalengeza kuti sangathe kubweza ngongole zao. Mu 1996, atangolandira mphotho ziŵiri za Grammy, anauza atolankhani poyera kuti alibe ndalama. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali kapangidwe ka mapangano a makampani a nyimbo: woimba amalandira kagawo kakang'ono pa chimbale chilichonse, ndipo pa kagawo komweko kampani imayamba yadula zimene inawononga pojambula nyimbo, pa mafilimu ake ndi pa maulendo; otsala amagaŵana ndi owayang'anira ndi maloya, boma nalo n'kutengapo msonkho. Gulu lina, The Runaways, linayamba ku Los Angeles mu 1975 ambiri mwa asungwana ake ali ndi zaka 15 kapena 16, m'manja mwa mwamuna wamkulu amene anali kuŵayendetsa. Pofika 1977 anali kuimba ku Japan, kutali ndi makolo ao. Woimba wao wotsogolera, Cherie Currie, anachoka chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake analemba buku lofotokoza za mankhwala ozunguza bongo ndi nkhanza zimene anakomana nazo. Ngakhale Demi Lovato, amene anaseŵera monga Mitchie ali ndi zaka 15, anasiya ulendo woimba mu 2010 napita kukalandira chithandizo cha matenda a maganizo.

Mwa onseŵa palibe amene anagwetsedwa ndi mnyamata wa m'kalasi wobweretsa kamwana ka mphaka. Anagwetsedwa ndi mapepala amene sanaŵerengedwe bwino, ndi akuluakulu amene anapeza phindu mwa iwo, ndi kusoŵa munthu wao m'chipinda chimene zinthu zinali kupanganidwa. Kholo limene limakana kumva za gitala limaganiza kuti latseka khomo. Kaŵirikaŵiri langodzitsekera lokha kunja, ndipo mwanayo, monga Mo, adzapitabe, koma adzapita yekha.

Tisadzitame msanga ife makolo, pakuti lamulo lodziŵika bwino loteteza ndalama za ana oseŵera linabadwa chifukwa cha kholo. Jackie Coogan, mwana amene anaseŵera ndi Charlie Chaplin m'filimu ya 1921, atakula anapeza kuti mai ake ndi bambo ake omupeza anadya pafupifupi chuma chonse chimene iye anagwirira ntchito. Anaŵasumira mu 1938, ndipo mu 1939 boma la California linakhazikitsa lamulo lotchedwa ndi dzina lake. Monga liliri tsopano, lamuloli limafuna kuti magawo 15 pa 100 alionse a malipiro a mwana asungidwe padera kufikira atakula. Kukhalapo kwa kholo n'kofunika, koma likhale kholo loŵerenga pangano m'malo mwa mwana, osati loŵerengera mwanayo ngati munda.

Kuno kwathu msungwana amene wapeka nyimbo ali ndi pogwira. Bungwe la Copyright Society of Malawi, limene ambiri amalidziŵa ndi dzina lakuti COSOMA, linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze ntchito za opeka ndi kuŵatolera ndalama pamene nyimbo zao zikugwiritsidwa ntchito poyera, ndipo lamulo latsopano la umwini wa ntchito zotere linaperekedwa mu 2016. Inu asungwana amene mumaimba, kaya m'kwaya, kaya ndi anzanu akusukulu, lembani dzina la wopeka pa nyimbo iliyonse gulu lisanatchuke, pamene nonse mukali kuseka pamodzi. Munthu akabwera ndi pepala nanena kuti musaine lero lomwe, pemphani kupita nalo kunyumba kuti akulu akaliŵerenge. Wofuna zabwino sadzakana.

Za umwini zimenezi sizigwera oimba okha. M'chaka cha 2001 ku America kunatuluka filimu yaikulu ya Josie and the Pussycats, yoseka makampani a nyimbo amene amadyera ana masuku pamutu. Filimuyo ili m'kati mokonzedwa, Dan DeCarlo anasumira kampani ya Archie Comics, nati Josie ndi wake, popeza ndiye anampeka nampatsa dzina la mkazi wake. Kampaniyo inamleketsa ntchito atagwira nayo zaka zoposa 40, ndipo mlanduwo sunamkomere. Anamwalira mu December chaka chomwecho cha 2001, filimuyo itatuluka kale.