Chomwe chimakweza mtengo wa makampani osesa m'maofesi

Maofesi ambiri a boma ndi a makampani m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amapereka ntchito yosesa, kukolopa ndi kutsuka zimbudzi kwa makampani apadera m'malo molemba okha anthu ogwira ntchitoyi. Koma posankha kampani, chiyeso chachikulu chimakhala kuthamangira yomwe yatchula mtengo wotsika osafufuza komwe mtengowo wachokera.

Gawo lalikulu la ndalama zomwe kampani yosesa imalipiritsa ndi malipiro a antchito. M'chaka cha 2024 boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, ndipo mu 2025 lidawakwezanso kufika pa K126,000. Pamwamba pa apo, lamulo la penshoni limakakamiza olemba ntchito kusonkhera wantchito aliyense ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro ake.

Izi zikutanthauza kuti, potengera malipiro a 2025, ofesi yofuna anthu 10 osesa imafunika K1,260,000 ya malipiro ndi K126,000 ya penshoni, zonse pamodzi K1,386,000 pa mwezi. Apa n'kuti kampaniyo isanagule sopo, isanalipire kapitawo komanso isanaikepo phindu lake ndi msonkho wa VAT.

Gawo lachiwiri ndi zipangizo. Mankhwala ambiri ophera tizilombo, polishi ndi makina otsukira makapeti amachokera kunja, motero mitengo yake imatsata mphamvu ya kwacha. Pomwe kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotereyu adakwera mtengo pomwe mapangano ena adali atasainidwa kale pa mitengo yakale.

Kukula ndi mtundu wa malo nazonso zimasintha mtengo. Chipatala chimafuna mankhwala amphamvu, magolovesi ndi antchito ausiku, pomwe ofesi wamba imatheka kuyeretsedwa m'mawa wokha. Lamulo la ntchito la 2000 limati sabata yogwira ntchito isapitirire maola 48, ndipo maola owonjezera amalipiridwa mwapadera.

Choncho kampani ikatchula mtengo wosafika ngakhale pa malipiro a antchito omwe yalonjeza, kawirikawiri imadzachepetsa anthu mwakachetechete, kusungunula mankhwala ndi madzi kapena kuchedwetsa malipiro. Mapeto ake osesa amagwa ulesi, zimbudzi zimanunkha ndipo ofesi imayambiranso kusaka kampani ina, zomwe zimadya ndalama ndi nthawi.

M'maofesi a boma, ntchito yotere imaperekedwa motsata malamulo a kagulidwe ka katundu, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la Public Procurement and Disposal of Assets Authority lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Makomiti ogula katundu ayenera kufunsa kampani iliyonse kuti ilembe padera chiwerengero cha antchito, malipiro awo, zipangizo ndi misonkho, komanso ionetse chikalata cha Malawi Revenue Authority chotsimikiza kuti imakhoma msonkho.

Ndi bwinonso kuti pangano linene momveka zomwe zidzachitike malipiro otsikitsitsa akadzakwera ntchito ili mkati. Popanda ndime imeneyi, mtolo wonse umagwera wosesa, yemwe ndiye amalandira zochepa kuposa onse.