SWICHI YA NYALE: NTHENDA YA MAGALIMOTO OKALAMBA A KU LIVINGSTONE

Mseu wocoka m'tauni ya Livingstone kupita ku mathithi a Mosi-oa-Tunya si wautali, ndi makilomita ngati 10 cabe. Koma umapyola m'malo a nyama, ndipo njovu zimauoloka usiku popanda kupempha cilolezo kwa munthu. Dalaivala amene nyale zake zazima mwadzidzidzi pa mseu umenewu sasowa womuuza kufunika kwa kanthu kakang'ono kochedwa swichi.

Tauni imeneyi imawadziwa bwino magalimoto akale, pakuti ambiri anabadwira komweko. Mu 1972 kampani ya Livingstone Motor Assemblers, imene boma linakhazikitsa kupyolera mu Indeco mogwirizana ndi Fiat ya ku Italy, inayamba kulumikiza magalimoto. M'fakitale imeneyo munaturuka Fiat 127 ndi Fiat 131, ndipo pambuyo pake Peugeot 504. Fakitaleyo inaleka nchito kale, koma amene anasunga magalimoto otere amadandaula za nthenda imodzi: dzuwa likalowa, nyale zimacita zofuna zake.

Gwero la bvutoli liri m'kapangidwe. M'magalimoto ambiri a nthawi imeneyo, mphamvu yonse yocokera ku batire imadutsa m'kati mwa swichi isanafike ku nyale. Mababu awiri a ma watt 55 kapena 60 amakoka ma amp pafupifupi 10, ndipo katundu yenseyu amasenzedwa ndi timikuwa tocepa ngati cikhadabo. Pakupita kwa zaka timikuwato timada ndi fumbi ndi cinyontho, magetsi amadutsa movutikira, ndipo pamayamba kutentha. Kutenthako kumafewetsa pulasitiki imene imagwira timikuwa, nato timasendera pamalo pake.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Nyale zimathwanima galimoto ikagunda dzenje, swichi imatentha mukaigwira, ndipo nthawi zina mumamva fungo la pulasitiki yopserera. Pa Land Rover zakale zija, zimene swichi ya dimu imapondedwa ndi phazi, mdani wake ndi matope a m'dzinja.

Komabe, awerengi athu, musafulumire kuimba mlandu swichi. Yambani mwaona fyuzi, kenaka waya wa nyale umene umamangidwa ku citsulo ca galimoto, pakuti dzimbiri pamenepo limacepetsa kuwala. Nyale imodzi ikazima, kawirikawiri ndi babu. Zikazima zonse ziwiri pa kamphindi kamodzi, pamenepo ndiye mungaloze cala swichi.

Pofuna kuikonza, masulani coyamba waya wa batire wa cizindikiro ca minus. Lembani pa pepala malo a waya uliwonse musanaucotse. Tsegulirani swichiyo m'mbale kapena pa nsaru yoyera, cifukwa m'kati muli kasipiring'i ndi kampira kacitsulo, ndipo tikagwera m'mcenga wa ku Livingstone simudzationanso. Palani timikuwato ndi sandipepa yosalala mpaka tiwale, pukutani ndi sipiriti, bwezerani zonse monga munazipezera. Ngati pulasitiki yasungunuka, musataye nthawi: funani swichi ina kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa.

Kutsuka kokha ndi mankhwala oziziritsa, nthenda imabweranso. Cocita ceniceni ndi kupempha makanika kuti aike relay pakati pa batire ndi nyale, imodzi ya kuwala kwa patali, ina ya pafupi, pamodzi ndi fyuzi yake. Pamenepo swichi imangotuma relay ndi mphamvu yosafika amp imodzi, ndipo katundu wolemera uja amayenda pa waya wonenepa, wamfupi. Nyale nazo zimawala koposa kale.

Pali cizolowezi cina cimene ife sitigwirizana naco konse. Ena nyale zikafooka amagula mababu a ma watt 100, ndipo fyuzi ikapsa amamangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Mababu awiri otere amakoka ma amp oposa 14, pa swichi imene inali kulephera kale 10. Fyuzi itacotsedwa m'njira, cotsatira kupsa ndi waya wa kuseri kwa ciongolero, pafupi ndi maondo a dalaivala.