Kusintha chogwirira cha zenera mvula isanayambe

M'malo ambiri ochitira malonda ndi m'midzi ya m'boma lino, nyumba za malata zili ndi mazenera achitsulo opangidwa ndi amisiri owotcherera a komweko. Woyenda m'misewu ya m'malo amenewa akayang'anitsitsa, apeza kuti mazenera ena ndi omangiriridwa ku mabagala ndi waya, ena ndi legeni, ndipo ena apanikizidwa ndi kamtengo kapena pepala lopindapinda. Chimene chinaonongeka pa mazenera oterowo kawirikawiri si galasi kapena felemu ayi, koma chogwirira, chomwe ambiri amachitchula kuti handulo. Zomwezi zimaonekanso m'nyumba za aphunzitsi, m'makalasi ndi m'zipatala zing'onozing'ono, ngakhale m'nyumba zimene sipanapite zaka zambiri chimangidwireni.

Chogwirira si pongogwira dzanja potsegula. Kumutu kwake kuli kalilime kamene, munthu akatembenuza chogwiriracho, kamakwera pa kachitsulo kotsetsereka ka pa felemu ndi kukokera zenera mkati mpaka litakhazikika bwinobwino. Kalilimeko ndiye loko wa zenera. Kakasowa, zenera limatsala lolendewera pa mahinji okha, ndipo waya kapena legeni sangalipanikize monga mmene chogwirira chimachitira. Mphepo ya mkuntho imene imabwera ndi mvula zoyamba, ngakhalenso mwera wa m'nyengo yozizira, imalimenyetsa zeneralo pa felemu. Pate wogwira galasi amayamba kung'aluka ndi kuyoyoka, ndipo tsiku lina galasi limasweka. Pamenepo mwininyumba amayenera kugula galasi ndi pate ndi kulipira mmisiri, pomwe poyamba chinkafunika chinali chogwirira chimodzi chokha.

Mpata umene umatsala pakati pa zenera ndi felemu uli ndi mavuto akenso. Madzi a mvula amalowera pomwepo n'kunyowetsa khoma la pansi pa zenera, pulasitala n'kuyamba kufufuma. Udzudzu wofalitsa malungo, umene umaluma makamaka usiku, umalowa m'nyumba kudzera m'mipata yotere. Akuba nawonso salizengereza zenera lomangidwa ndi waya: mabagala amaletsa munthu kulowa, koma saletsa ndodo yokolera foni, chikwama kapena zovala za pafupi ndi zenera.

Asanapite kukagula china, mwininyumba ayenera kudziwa chimene chinathyola choyambacho. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa chogwirira sichithyoka chokha kawirikawiri. Chimathyoka poti anthu akhala akuchikakamiza kutseka zenera lokana kutsekeka. Zenera lachitsulo likakhalitsa, mahinji ake amadyeka ndipo limayamba kugwa pang'ono mbali imene ili kutali ndi mahinjiwo. Chizindikiro chake ndi malo opalika pa ngodya ya m'munsi ya felemu, pomwe penti yachoka chifukwa chokhulana. Nthawi zina vuto ndi penti yomweyo. Nyumba ikamapentedwa chaka ndi chaka popanda kupala yakale, penti imaunjikana m'mphepete mwa zenera mpaka silingalowenso m'malo mwake. Dzimbiri limachitanso chimodzimodzi, pakuti chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma. Ndipo pamene khoma lang'aluka pamwamba pa zenera, kulemera kwa njerwa kumatha kupinda felemu yonse.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Munthu akankhe zenera ndi dzanja lokha, osagwiritsa ntchito chogwirira. Likalowa m'malo mwake mosavuta, ndiye kuti vuto linali chogwirira basi. Likakana, ayang'ane pamene likugunda. Penti yochuluka ipalidwe ndi mpeni wakale kapena tchizulo, dzimbiri lichotsedwe ndi sandipepa, mahinji athiridwe oyilo. Ngati mahinji adyeka kapena felemu yapindika, imeneyo ndi ntchito ya wowotcherera, ndipo ichitike chogwirira chatsopano chisanaikidwe. Choikidwa pa zenera lokana kutsekeka chidzathyoka monga chinathyokera chinzake, ngakhale chikhale cha mtengo wapatali.

Pogula, chinthu choyamba kukumbukira ndi chakuti zogwirira za mazenera achitsulo zilipo za kumanja ndi za kumanzere. Zimafanana m'maonekedwe, koma kalilime kake kamaloza mbali zosiyana, kotero kuti cha mbali ina sichingagwire ntchito ku mbali inzake. Pa zenera la zitseko ziwiri zotsegukira mbali zosiyana, kawirikawiri chimodzi chimakhala cha kumanja, china cha kumanzere. Popeza ogulitsa satchula mbalizi mofanana, kungonena pakamwa kuti chikufunika ndi cha kumanja sikokwanira. Chanzeru ndi kunyamula chakale chija, ngakhale chili zidutswa, pamodzi ndi masikuluu ake, n'kukachiyerekeza ndi chatsopano pa kauntala ya hadiweya. Ziyenera kufanana mbali imene kalilime kaloza, kutalika kwa kalilimeko ndi kutalikirana kwa mabowo. Ngati chakale chinatayika, chithunzi cha pa foni cha zenera lenilenilo, chojambulidwa kuchokera mkati mwa nyumba, chimathandiza. Mabowo ayezedwe ndi lula kuyambira pakati pa bowo lina kufika pakati pa linzake. Kwa munthu wochokera kutali ndi kumsika, kulakwitsa mbali kumatanthauza kulipira ulendo wa kabaza kawiri.

Chachiwiri ndi mtundu wa chitsulo chake. Zogwirira zambiri zotsika mtengo zimapangidwa ndi chitsulo chosakaniza cha zinki, kenako n'kuzikutira kunja kuti zioneke ngati mkuwa. Zoterezi sizipindika: zikakakamizidwa zimangothyoka, ndipo pothyokapo pamaoneka potuwa, pa timibulu ngati mchenga. Wowotcherera wamba sangazilumikizenso, choncho kupita nazo kwa iye n'kutaya nthawi. Za mkuwa weniweni zimalemerako m'dzanja, sizichita dzimbiri, ndipo zimakhala zachikasu mpaka mkati. Zachitsulo wamba, zimene maginito amazigwira, ndi zolimba koma zimafuna penti ndi oyilo. Pa zenera lotsegulidwa tsiku ndi tsiku, monga la kukhitchini kapena la m'kalasi, kugula cholimba n'kopindulitsa ngakhale mtengo wake uli wokwererapo.

Kuchotsa chakale ndiyo mbali yovuta ya ntchito yonseyi, ndipo kumafuna kuleza mtima kuposa mphamvu. Zenera litsegulidwe ndi kugwiritsidwa ndi mkono wake wachitsulo wa m'munsi, kapena munthu wina aligwire, kuti lisagwedezeke. Chogwirira chimakhala chomangidwa m'njira imodzi mwa zitatu: ndi masikuluu kapena bawuti, ndi riveti, kapena chowotchereredwa.

Masikuluu a pa zenera lakale amakhala okwiririka ndi penti ndiponso ogwidwa ndi dzimbiri. Penti ya mu mng'alu wa pamutu pa sikuluu iyambe yachotsedwa ndi nsonga ya mpeni. Kenako padonthezedwe oyilo kapena palafini, n'kusiya kuti alowerere, ngakhale usiku wonse. Sikuludiraiva ikhale yokwana ndendende mu mng'aluwo. Yaing'ono imaterereka n'kudya mutu wa sikuluu, ndipo ikaterereka mwamphamvu imakathera pa galasi kapena pa chikhatho. Ndi bwino kukanikiza kwambiri ndi kupotokola pang'onopang'ono. Kugogoda sikuludiraiva ndi hamala kumathandiza kumasula dzimbiri, koma kukhale kopepuka, ndipo kuseri kwa chitsulocho kutsamiritsidwe pa thabwa kuti kugundako kusafike pa galasi. Mutu ukadyeka, ungagwiridwe ndi pulayala, kapena ungachekedwe mng'alu watsopano ndi sowo yodulira zitsulo.

Riveti simasulika. Mutu wake umapalidwa ndi tupa kapena kubooledwa ndi makina obowolera, kenako chotsalacho n'kuchikankha ndi msomali. Tizitsulo timathetheka pa ntchito imeneyi, choncho maso atetezedwe ndipo ana akhale patali. M'malo mwa rivetiyo mungalowe bawuti ya kukula komweko, ya washala ndi manati awiri. Nati yoyamba imangidwe mongokwanira kuti chogwirira chizitembenuka popanda kugwedera, yachiwiri imangidwe molimba pa inzakeyo kuti zisamasuke. Nati imodzi yokha imamasuka pakapita masabata ochepa, chifukwa chogwirira chikamatembenuka chimaipotokola.

Chowotchereredwa chimafuna mmisiri. Koma mwininyumba adziwe kuti kuwotcherera pafupi ndi galasi kumaliononga: kutentha kumaling'alula, ndipo nthethe za moto zimasiya timadontho tosachoka. Galasi loyandikana nalo lichotsedwe kaye, kapena litchingidwe bwino ndi chidutswa cha lata, ndipo makatani achotsedwe. Ndi bwinonso kupempha mmisiriyo kuti awotcherere kachitsulo ka bowo m'malo mowotcherera chogwirira chenichenicho, kuti tsiku lina chikadzafunika kusinthidwa padzangofunika sipanala.

Chakale chikachoka, malowo akwechedwe ndi sandipepa mpaka chitsulo chioneke, apakidwe penti yofiira yoteteza ku dzimbiri, ndipo iume kaye. Pomanga chatsopano, masikuluu onse alowetsedwe ndi zala asanayambe kulimbitsidwa, kuti chogwirira chikhale mowongoka. Kulimbitsa imodzi mpaka kumapeto inzake isanalowe kumapotoza bowo linalo. Asamangidwe mopitirira muyeso, makamaka pa chogwirira cha zinki, chimene chimang'aluka pa bowo. Potembenukira ndi pa kalilime papakidwe girizi pang'ono.

Poyesa ntchitoyo, munthu aike kapepala pakati pa zenera ndi felemu, atseke, ndi kukoka kapepalako. Kakatuluka mosavuta, ndiye kuti kalilime sikakukoka mokwanira, ndipo kachitsulo kotsetsereka ka pa felemu kayenera kuyang'anidwa, pakuti nakonso kamadyeka kapena kuthothoka. Ngati chogwirira chikufuna manja awiri kuti chitseke, china chake chikugundabe, ndipo chifufuzidwe tsiku lomwelo. Mkono wa m'munsi uja, wogwira zenera likakhala lotsegula, uonedwenso nthawi yomweyo. Magalasi ambiri amasweka masana, zenera litasiyidwa lotsegula popanda choligwira.

Mazenera a mitundu ina ali ndi zakezake. Pa a matabwa, vuto kawirikawiri ndi bowo la sikuluu limene lakula. Tizidutswa ta mtengo wouma topakidwa guluu tikhomeredwe m'bowomo, ndipo guluu akauma sikuluu imagwiranso. Koma ngati thabwalo lawola kapena ladyedwa ndi chiswe, lisinthidwe. Thabwa limafufuma m'dzinja ndi kunyala m'chilimwe, choncho lisapalidwe kwambiri pa nthawi ya mvula. Pa mazenera a aluminiyamu pasamangidwe masikuluu achitsulo wamba, chifukwa zitsulo ziwirizi zikakhudzana pachinyontho zimadyana. Pafunika masikuluu osachita dzimbiri kapena mariveti a aluminiyamu. Mazenera ena amakono, a aluminiyamu kapena a pulasitiki, ali ndi chogwirira chokhala ndi kamtengo kachitsulo ka mbali zinayi kolowa mkati mwa felemu, kamene kamayendetsa loko wobisika. Pa ambiri a iwo kamtengoko ndi kokula mamilimita 7 ndipo masikuluu ake amatalikirana mamilimita 43, koma kutalika kwa kamtengoko kumasiyana, ndiye kayenera kuyezedwa. Sikuluu imodzi imabisika pansi pa kachivundikiro, ina imaoneka pokhapokha chogwirira chikatembenuzidwa ngati potsegula. Mazenera a louvre, a magalasi ang'onoang'ono osanjikizana, ndi osiyana ndi onsewa: kachogwirira kake kali pamodzi ndi chitsulo cha m'mbali chogwira magalasiwo, kotero kuti kakathyoka nthawi zambiri chimasinthidwa ndi chitsulo chonsecho.

Wokhala m'nyumba ya lendi adziwitse mwininyumba msanga, ndipo agwirizane za wolipira ntchito isanayambe. Mikangano yambiri ya potuluka m'nyumba imayambira pa tinthu ngati timeneti, aliyense akunena kuti anachipeza kapena anachisiya chili bwino.

Pa nyumba za anthu onse, vuto silikhala luso koma kusowa woyang'anira. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera amaika mtima pa zomanga zatsopano, ndipo n'zomveka, koma kalasi ya mazenera osatsekeka imatha magalasi m'nyengo zochepa za mvula, ana n'kumakhala pa mphepo, mabuku ndi madesiki n'kumanyowa. Komiti yoyendetsa sukulu kapena yoyang'anira chipatala ingathe kuzungulira nyumba zake kamodzi pa chaka, m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, kutsegula ndi kutseka zenera lililonse, ndi kulemba zogwirira zothyoka, za kumanja pazokha ndi za kumanzere pazokha. Mndandanda woterewu ndi umene komiti ya sukulu ingauike pa dongosolo lake la chaka pokambirana za ndalama za School Improvement Grant, ndipo umathandiza kugula zonse pa ulendo umodzi ndi kuitana mmisiri tsiku limodzi. Achinyamata amene anaphunzira zowotcherera ndi ukalipentala m'makoleji a ntchito zamanja a m'madera angathe kuigwira ntchitoyi. Kumene kwapezeka felemu yopindika chifukwa cha khoma long'aluka, komiti isangosintha chogwirira. Idziwitse ofesi yoona zomangamanga ku khonsolo kuti idzaone khomalo.