MADOKOTALA APIMA DISO KUTI ADZIWE ZA BONGO

Munthu akagwa pa njinga kapena kugundidwa ndi galimoto navulala m'mutu, coopsa ceni-ceni kawili-kawili sicioneka kunja. Bongo utupa, kapena magazi akhela mkati, ndipo popeza cigaza ndi fupa losatambasuka, bongowo upanikizika. Cithandizo cikacedwa, munthu afa.

Makina a CT ojambula mkati mwa mutu apezeka m'zipatala zazikulu zokha. N'cifukwa cake madokotala olandila odwala mwadzidzidzi aphunzila njila ina, ndiyo kupima diso ndi makina a sikani, onga aja oonela mwana m'mimba mwa mai wapakati.

Mtsempha wa diso ucokela ku bongo, ndipo uli ndi cimake cake momwe muyenda madzi omwe aja ozungulila bongo. Kupanikizika kukakula m'mutu, madziwo akankhidwila m'cimakemo, ico nicifufuma. Dokotala apaka mafuta pa cikope cotseka, aikapo kacipangizo mosadinikiza, napima cimakeco pa mtunda wa mamilimita 3 kuseli kwa diso. Kwa munthu wamkulu, cikapambana mamilimita 5 m'mimba mwake, limenelo ndi cenjezo.

Kodi muyeso wotele ndi wodalilika? M'caka ca 2003 ku America, Dokotala Michael Blaivas ndi anzake anapima odwala 35. Makina a CT anaonetsa kuti 14 anali ndi bongo wopanikizika, ndipo kupima diso kunawapeza onsewo. M'caka ca 2007 gulu la Dokotala Vivek Tayal linapima ovulala m'mutu 59. Apanso palibe wopanikizika bongo amene anaphonyedwa, koma mwa aja opanda vutolo, oposa mmodzi mwa atatu alionse anaganizilidwa molakwa kuti ali nalo.

Cocititsa ndi kucepa kwa cinthu copimidwaco. Dzanja likapendeka pang'ono, kapena mthunzi ukasokoneza cithunzi, theka la milimita lisintha yankho. Motelo dokotala wophunzitsidwa bwino apima maso onse awili, ndiponso mobweleza. Diso lophulika saligunda konse.

Ana ali ndi muyeso waowao. Pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, m'dziko la Malawi, Dokotala Nicholas Beare ndi anzake anapeza m'caka ca 2008 kuti kwa ana cenjezo liyambila pa mamilimita 4.2. Izi n'zofunika kwathu kuno, pakuti malungo a m'bongo naonso atupitsa bongo wa mwana.

Tsono kupima diso ndi kalondolondo wothandiza dokotala kudziwa wodwala woyenela kutumizidwa msanga ku cipatala cacikulu, koma sikulowa m'malo mwa CT. Ndipo makinawo sangathandize munthu amene ali gone kumudzi. Wovulala m'mutu akayamba kusanza, kusokonezeka maganizo, kukomoka kapena kugona tulo tovuta kudzutsa, musayembekeze kuti kuce. Mtengeleni ku cipatala nthawi yomweyo.