Mnofu Ukoka, Sukankha

M'thupi la munthu muli minofu yoposa 600, koma palibe ndi umodzi womwe wokankha. Mnofu ufupika ndi kukoka fupa, basi. Nchifukwa chake minofu ikhala iwiriiwiri: wa kutsogolo kwa mkono upinda chigongono, wa kumbuyo uchiwongola.

Pa mafamu a fodya a ku Karoi ndi Marondera, kumene Amalawi ambiri anakagwira ntchito m'zaka za m'ma 1950, wothyola fodya awerama tsiku lonse. Pamenepo minofu ya kumsana ikoka kosapuma kuti munthuyo asagwe chafufumimba, ndipo madzulo msana uwawa. Tsono ponyamula belo, wodziwa ntchito apinda mawondo naliyandikiza kuthupi, kuti minofu yaikulu ya m'ntchafu ndi m'matako isenze katunduyo.