Kabokosi kolizira galimoto muli patali kakakana, musathamangire kudula mawaya

Galimoto zambiri zimene timaitanitsa ku Japan, zija zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, zimabwera ndi katundu amene wogula sanamuitanitse. Mukasuzumira pansi pa chiwongolero, nthawi zina mupeza kabokosi kakuda kolembedwa Carmate, Yupiteru kapena Comtec. Obwera kugalaja kwanga ambiri amati ndi alamu, ena amanong'ona kuti Ajapani akulondola nako galimoto. Ayi ndithu. Ndi kachipangizo kolizira injini ndi rimoti, mwini wake ali patali.

Kwawoko kali ndi ntchito. Ku Hokkaido, kumpoto kwa Japan, ngakhalenso ku Canada kumene kwatchuka Compustar ndi Viper, m'mawa wa Januwale galasi limadzuka litagwira madzi oundana. Munthu amaliza galimoto akadali m'nyumba kuti akaipeze yafunda.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mukamapotokola kiyi mumalumikiza moto wa batire ku waya wa ACC, kenako wa IGN, pomaliza wa sitata. Kabokosika kamangotsanzira dzanja lanulo. Koma poti pampando palibe munthu, okapanga anakapatsa mantha. Kasanalize kamayamba katsimikiza kuti boneti ndi yotseka, giya ili pa P, ndipo palibe waponda buleki. Chimodzi chikangosokonekera, kamakana. N'chifukwa chake ndimauza anyamata anga kuti tizipangizo tambiri timene eni ake amati tafa timakhala tili moyo, tikungokana basi. Ntchito yathu ndi kufufuza chimene kakukanira.

Ine ndimayambira pa zotchipa. Kabatire ka m'rimoti kamatha, fyuzi imapsa. Ta ku America tili ndi chimene amati valet mode, chozimitsira kachipangizoka galimoto ikamapita kwa makaniko, ndipo munthu atha kuchiyatsa mosadziwa pongodina mabatani awiri pamodzi. Zitseko zimatseguka ndi rimoti bwinobwino, koma injini zii. Zikatero yang'anani magetsi a paking'i. Tambiri mwa tizipangizo timeneti timaphethiritsa magetsiwo kangapo pofuna kunena vuto, ndipo nambala yake imatanthauziridwa m'buku la kampani imene inakapanga. Musagwiritse buku la kampani ina, matanthauzo ake amasiyana.

Ta ku Japan tili ndi khalidwe lake limene lasokoneza amisiri ambiri. Batire ikachotsedwa kapena kutheratu, timaiwala zimene tinaphunzitsidwa, makamaka kuzindikira kuti galimoto ndi ya otomatiki ndipo yaima pa P. Tsono taganizani, galimoto yakhala milungu pa sitima, batire yafa, padoko aibusita, kuno mwagula ina. Kabokosi kafika kali mbuli. Pena mumamva kakulira pansi pa dashibodi mukangomanga batire: kakupempha kuphunzitsidwanso. Ndi ntchito ya mphindi zochepa ya kiyi, buleki ndi giya, ngakhale ndondomeko yake imasiyana malinga ndi mtundu, ndipo buku lake lili m'Chijapani. Masiku ano foni imamasulira, tisanamizire.

Kaswichi ka pa boneti nako ndi kovutitsa. Anakaika kuti injini isalire makaniko manja ali pa fani belti. Kakadya dzimbiri kapena kupindika, kabokosi kamayesa boneti ndi yotsegula mpaka kalekale. Alipo amene amangodula waya wake nkhani n'kutha. Ine zimenezo sindichita, zala ndimazifuna. Kusintha kaswichiko sikudula.

Nanga injini ikalira pang'ono n'kuzima, kenako n'kuyesanso? Apa pali zifukwa ziwiri. Mwina kabokosi sikakumva kuti injini yalira, chifukwa waya wouza liwiro la injini wamasuka kapena batire yafooka. Batire yabwino yopuma imaonetsa pafupifupi 12.6V pa mita. Kapena ndi immobiliser. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kachipu m'mutu wa kiyi, ndipo kompyuta ya injini ikapanda kukamva imatseka mafuta. Oika tizipangizoti amawonjezera kabokosi kachiwiri konamiza kompyutayo, ndipo njira yakale inali yotsekera kiyi yeniyeni ya sipeya m'katimo n'kukabisa m'dashibodi. Kiyiyo ikasuntha, kapena wogulitsa akaichotsa potumiza galimoto, rimoti singalizenso injini. Ikakhala kuti ilimo, dziwani kuti mukuyenda ndi mphatso ya wakuba.

Dandaulo limene ndimalandira kwambiri ndi la batire yodzuka yatha m'mawa. Ndimazimitsa zonse, kutseka zitseko, kudikira makompyuta agone, ndiye n'kuyeza moto umene ukutuluka. Ukapitirira kwambiri 50mA ndimazula mafyuzi imodzimodzi mpaka wakudya batire apezeke. Nthawi zina amakhala kabokosi komweka, nthawi zina mawaya ake amene wina anangopota ndi manja n'kukulunga tepi, kapena ethi yomangidwa pa chitsulo chopenta.

Maganizo anga ndi awa. Kuzizira kwa ku Dedza kapena ku Mzuzu mwezi wa Juni sikufika poti injini izilira yokha mphindi 10 kapena 15 pabwalo, ndi mtengo wa petulo umenewu. Ndiponso kuiliza m'galaja yotseka n'kuika moyo pachiswe, chifukwa utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo koma wakupha. Ngati rimoti ilipo ndipo mumaikonda, konzetsani. Ngati inatsala ku Japan, chotsetsani kabokosiko. Ta ku Japan tambiri timalowa ndi pulagi pakati pa swichi ya kiyi ndi mawaya a galimoto, choncho timazula pulagiyo n'kubwezera yoyambirira pamalo pake, osadula kanthu. Tina tobwera pamodzi ndi alamu n'tosiyana, poti woika uja amakhala atadula waya wa sitata, ndipo mukangozula kabokosi osaulumikizanso, galimoto siliranso ngakhale ndi kiyi. Mmisiri akatulutsa pulayala asanakuonetseni kumene waya uliwonse ukupita, tengani galimoto yanu mupite kwina.